Kodi banja la ku Dedza limapeza ndalama zingati? Mafunso ndi mayankho pa nambala ya pakatikati ndi malire ake

Khonsolo ikamakonza mapulani a chitukuko, kapena bungwe likamalemba kalata yopempha thandizo, pamafunika nambala imodzi: banja la m'boma lino limapeza ndalama zingati pa chaka? Nambalayo ikapezeka imalembedwa mpaka kwacha yomaliza, n'kumayenda m'malipoti ngati kuti wina anagogoda pa khomo lililonse kuyambira ku Mayani mpaka ku Golomoti. Palibe anachitapo zimenezo. Nambala ya boma lonse imachokera ku mabanja ochepa osankhidwa, ndipo imabadwa ndi malire ake, a pansi ndi a pamwamba. Vuto n'lakuti malirewo amatsala m'njira, nambala n'kufika yokha pa msonkhano. Mafunso ali m'munsimuwa ndi amene makhansala, mamembala a ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), aphunzitsi ndi atolankhani amafunsa kawirikawiri.

Kodi "banja la pakatikati" ndi liti?

Mutaimika mabanja onse pa mzere, kuyambira lopeza zochepetsetsa kufikira lopeza zambiri, banja limene laima pakati penipeni ndilo tikunena. Theka la mabanja limapeza zochepera pamenepo, theka lina zoposa. M'malipoti a Chingerezi nambala imeneyi amailemba kuti median.

Tiyerekeze ndi mudzi wongopeka wa mabanja 7. Pa chaka amapeza K300,000, K350,000, K420,000, K500,000, K560,000, K700,000, ndipo lomaliza, limene lili ndi chigayo komanso lole yonyamula kachewere kupita ku Lilongwe, limapeza K9,000,000. Banja la pakatikati ndi lachinayi, la K500,000. Koma mukaphatikiza ndalama zonse n'kugawa ndi 7, avereji ikubwera K1,690,000. Mabanja asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiriwo safika ngakhale theka la avereji imeneyo. Mutaiwerenga pa bwalo la a mfumu, anthu angakufunseni kuti mukunena mudzi uti.

Mabanja akakhala 8 kapena 10, pakati pamaima awiri. Mumaphatikiza ndalama za awiriwo n'kugawa pawiri.

Ndiye kuti avereji ndi yabodza?

Ayi. Imayankha funso lina. Mukafuna kudziwa ndalama zonse zimene zikuzungulira m'boma, mwina poganiza zotsegula golosale yaikulu pa Chimbiya, avereji ndiyo yothandiza, chifukwa mukaichulukitsa ndi chiwerengero cha mabanja mumapeza ndalama zonse. Mukafuna kudziwa moyo wa munthu wamba, tengani ya pakatikati.

Nayonso ya pakatikati ili ndi khungu lake. Mwini chigayo uja akalemera kuwirikiza kawiri, siisuntha, ndipo apo ili bwino. Koma banja la K300,000 lija likagwa kufika pa K100,000, siisunthanso. Choncho siyenera kuyenda yokha; pambali pake pazikhala chiwerengero cha anthu osauka ndi cha osaukitsitsa.

Ndani amawerenga zimenezi kuno kwathu?

Ndi ofesi ya National Statistical Office, NSO, imene likulu lake lili ku Zomba. Chida chake chachikulu pa nkhani ya chuma cha pakhomo ndi kafukufuku wotchedwa Integrated Household Survey, mwachidule IHS. Woyamba anachitika mu 1997/98, wachiwiri mu 2004/05, wachitatu mu 2010/11, wachinayi mu 2016/17, wachisanu mu 2019/20. World Bank imathandizapo pa luso la kachitidwe kake. Wachisanuyo anafikira mabanja 11,434 m'dziko lonse, ndipo anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 alionse anali osauka, pamene 20.5 pa 100 anali osaukitsitsa, osakwanitsa ngakhale chakudya chokha.

Ambiri amasokoneza kafukufukuyu ndi kalembera. Kalembera, monga wa 2018, amafika pa khomo lililonse, koma safunsa kuti munapeza makwacha angati. Iye amatiuza kuti ku Dedza kunali anthu 830,512 ndipo ku Ntcheu 659,608. IHS amafunsa mozama, maola angapo pa banja limodzi, n'chifukwa chake sangafike paliponse.

Bwanji amafunsa zimene tinadya m'malo mongofunsa ndalama zimene tinapeza?

Funsani mlimi wa ku Bembeke kuti chaka chatha anapeza zingati. Sakubisirani, koma yankho alibe. Anagulitsa kachewere kawiri, wa dzinja ndi wa kudimba, pa mitengo yosiyana. Nyemba anagulitsa pang'onopang'ono, mbale imodzi lero pofuna sopo, ndowa sabata yamawa pofuna ndalama ya chigayo. Mbuzi imodzi inapita pa fizi. Mu Januwale iye ndi mkazi wake anakagwira ganyu, malipiro ake n'kukhala ufa, osati ndalama. Mwana wa ku Joni anatumiza kangachepe pa foni, mwezi uti sakumbuka. Ndipo chimanga chimene banja ladya chaka chonse sichinadutse pa msika uliwonse. Pa zonsezi palibe pepala la malipiro.

N'chifukwa chake NSO, monga maofesi ambiri a m'maiko amene anthu amadalira ulimi, imayeza umphawi poona zimene banja lagwiritsa ntchito. Pa chakudya amafunsa za masiku 7 apitawo, chinthu chimodzichimodzi: ufa, nyemba, masamba, usipa, mchere, mafuta ophikira, shuga. Amafunsa kuchuluka kwake, ndiponso ngati munagula, munakolola nokha kapena munapatsidwa. Chokolola nokha amachiika pa mtengo, ngati kuti munachigula. Zinthu zina amafunsa za mwezi, zina za miyezi itatu, zina za chaka. Nyumba yanu yomwe amaiwerengera lendi imene mukanalipira, ndipo njinga kapena wailesi amaziwerengera phindu la kuzigwiritsa ntchito pa chaka.

Njirayi ili ndi ubwino wina. Ndalama za mlimi zimabwera mwa apo ndi apo, zambiri pokolola, zochepa kapena palibiretu mu Febuluwale. Kudya kumasinthanso, koma osati modumpha chotero, chifukwa anthu amasunga, amabwereka ku banki m'khonde, amathandizana pachibale. Ine ndimaona kuti kumudzi nambala ya zogwiritsa ntchito imayandikira choonadi kuposa ya ndalama zolowa. Choncho mukaona lipoti likunena za "ndalama za banja" m'boma lakumudzi, yang'anani kaye ngati akunena zolowa kapena zogwiritsa ntchito, komanso ngati ndi za banja lonse kapena za munthu mmodzi. Banja la anthu atatu ndi banja la anthu asanu ndi atatu akhoza kukhala ndi ndalama zofanana, koma mbale zawo sizifanana.

Nanga "banja" amawerenga ndani ndi ndani?

Anthu okhala pamodzi amene amadya za mumphika umodzi. Mdzukulu amene mukulera ali momwemo. Mwana amene anakhazikika ku Johannesburg mulibe, ngakhale ndalama zimene amatumiza zimawerengedwa. Pa mitala, nyumba iliyonse yophika payokha imatha kukhala banja palokha. Kwathu kuno kwa chikamwini, kumene nyumba za amayi, ana awo aakazi ndi agogo zimayandikana ndipo chakudya chimayenda kuchoka khomo ili kupita lina, wofunsa mafunso amayenera kusamala kwambiri pojambula malire amenewa. Agogo akawerengedwa paokha pamene amadya kwa mwana wawo, amaoneka osauka kuposa mmene alili.

Ku Dedza amafunsa mabanja angati? Angayankhulire bwanji boma lonse?

Mukagawa mabanja 11,434 aja ku maboma 28 ndi mizinda inayi, gawo lililonse likupeza mabanja apakati pa 350 ndi 400. Pamene Dedza, mukatenga anthu 830,512 n'kugawa ndi anthu anayi kapena asanu pa khomo, ali ndi mabanja oposa 160,000. Ndiye kuti pa mabanja mazana anayi kapena asanu alionse, lofunsidwa ndi limodzi.

Zikumveka zochepa, koma chofunika kwambiri ndi kasankhidwe. Wogula chimanga sakhuthula matumba onse. Amabaya thumba ili pansi, lina pakati, lina pamwamba, n'kuona ngati muli anankafumbwe. Akalola mwini chimanga kumusankhira pobaya, kapena akangobaya matumba a pakhomo pa nkhokwe, wadzinamiza yekha. NSO imagawa dziko m'timadera ta kalembera, kompyuta n'kusankha timadera tina mwa maere. M'kadera kosankhidwa amalemba makomo onse, kenaka amasankhanso mwa maere mabanja 16. A mfumu amalandira alendowo ndi kuwasonyeza malire a mudzi, koma sasankha khomo. Wofunsa mafunso naye saloledwa kudumpha nyumba chifukwa ili kuseri kwa phiri.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti kukula kwa boma sikusintha kwenikweni kulondola kwa nambala. Mabanja 400 osankhidwa bwino amapereka kulondola kofanana, kaya boma lili ndi mabanja 50,000 kapena 200,000. Chimene chimasintha zinthu ndi chiwerengero cha ofunsidwa, ndipo chimasintha mwaulesi: kuti malire achepe ndi theka, muyenera kufunsa mabanja ochuluka kanayi. Kuchoka pa 400 kufika pa 1,600. Mafuta a galimoto, malipiro a ofunsa ndi masiku a kumudzi zonse zimakwera kanayi.

Malire a "95 peresenti" amatanthauza chiyani?

Maere akanagwera midzi ina, nambala ikanatuluka yosiyana pang'ono. Malire amatiuza kukula kwa kusiyana kumeneko. Tanthauzo lake lenileni ndi ili: kafukufuku yemweyo atabwerezedwa ka 100, ulendo uliwonse ndi maere atsopano, malire opangidwa mwa njira imeneyi angagwire nambala yeniyeni pafupifupi ka 95. Kasanu angaiphonye, ndipo palibe belu limene limalira kukuuzani kuti ulendo uno ndi umodzi mwa asanuwo.

Malirewa sakunena kuti mabanja 95 pa 100 amapeza ndalama za pakati pamenepo. Kulakwitsa kumeneku ndi kofala, ngakhale pakati pa anthu ophunzira. Malire akunena za pamene banja la pakatikati lingakhale, osati za mabanja onse.

Amawapeza bwanji malire a nambala ya pakatikati?

Njira yosavuta mungaichite ndi pensulo. Tiyerekeze kuti m'boma asankha timadera 24, mabanja 16 m'kalikonse, onse pamodzi 384. Aikeni pa mzere. Pakati pali banja la nambala 192 ndi la 193. Tsopano pezani nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 384, ija ana a sukulu amaitcha square root. Ndi 19.6, tingoti 20. Bwererani m'mbuyo malo pafupifupi 20, pitaninso kutsogolo malo 20. Mwafika pa banja la nambala 173 ndi la nambala 212. Ndalama za mabanja awiriwo ndiwo malire anu a 95 peresenti. Kunena kwina, banja la pakatikati lenileni la boma lonse lili penapake pakati pa malo a 45 ndi a 55 pa mzere wa anthu 100.

Koma masamu amenewa akuganiza kuti mabanja 384 aja anatoledwa limodzilimodzi m'boma lonse. Sizinali choncho. Anatengedwa 16 pamalo amodzi, ndipo anthu a mudzi umodzi amafanana. Mvula ikadula ku Golomoti, imadulira onse 16. Mtengo wa tomato ukagwa pa Lizulu, ukugwera onse olima tomato a m'deralo. Banja lachiwiri m'mudzi womwewo silikuuzani zatsopano zambiri ngati mmene likanachitira banja la mudzi wina wakutali.

Akatswiri amayeza kufanana kumeneku ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Tiyerekeze kuti yapezeka 0.1, kufanana kooneka kochepa. Mumachotsa 1 pa 16, kutsala 15, kuchulukitsa ndi 0.1, n'kuwonjezera 1. Yankho ndi 2.5. Gawani 384 ndi 2.5: mabanja anu 384 ali ndi mphamvu ya mabanja 154 okha. Malire aja amatambasuka, kuchoka pa 45 mpaka 55 kufika pa 42 mpaka 58. Apa ndi pamene malipoti ambiri a mabungwe ang'onoang'ono amagwera. Amalowetsa manambala mu Excel, kompyuta n'kuwapatsa malire opapatiza okongola, osaiuza kuti mabanjawo anatengedwa m'magulu. Kompyuta siidziwa kuti anthuwo amamwa pa mjigo umodzi.

Kuti malowa akhale makwacha angati zimadalira mmene ndalama zatalikirana pakati pa mzere. Mabanja a pakati akakhala ofanana kwambiri, malire amakhala aafupi. Akakhala otalikirana, malire amakula. Akatswiri ali ndi njira zina zolongosoka, monga ya Woodruff ya mu 1952, kapena ya bootstrap imene Bradley Efron anayambitsa mu 1979, pamene kompyuta imatolanso timadera mobwerezabwereza kuchokera m'tomwe tinafunsidwa, kambirimbiri, n'kuona mmene nambala ikugwedezekera. Maganizo ake ndi omwewa.

Ndinamva kuti banja lililonse lili ndi "kulemera" kwake. N'chiyani chimenecho?

Banja lofunsidwa limaimira mabanja ena amene sanafunsidwe, ndipo chiwerengero cha oimiridwawo chimasiyana dera ndi dera. Banja la m'boma la anthu ambiri ngati Dedza limaimira makomo ochuluka kuposa banja la ku Likoma. Powerengera pakati pa mzere, banja lililonse limawerengedwa molingana ndi makomo amene likuimira. Mukaiwala zimenezi, nambala yanu ndi ya ofunsidwa okha, si ya boma.

Malire akakhala aafupi, ndiye kuti nambala ndi yolondola?

Ayi ndithu, ndipo funso ili ndi limene ndimafuna anthu aziligwiritsa. Malire amayeza chinthu chimodzi chokha, mwayi wa maere. Zolakwika zina zonse saziona.

Khalani pakhonde pamene mayi akufunsidwa. "Sabata yathayi munagwiritsa ntchito tomato wochuluka bwanji?" Akuti milu itatu. Mulu wa pa Lizulu nthawi ya tomato wambiri ndi mulu wa mu Febuluwale pa kamsika ka m'mudzi si chinthu chimodzi. "Ufa?" Akuloza beseni limene lili pafupi ndi mtondo. "Mafuta ophikira?" Anagula a m'kapepala kawiri, tsiku lina anapempha kwa apongozi. Wofunsayo ali ndi zithunzi zosonyeza mulu waung'ono, wapakati ndi waukulu, ndipo ku ofesi kuli mndandanda wosinthira ndowa, mbale ndi milu kukhala makilogalamu. Zimathandiza kwambiri, koma sizichotsa vuto lonse. Thumba la kachewere losokerera pamwamba, lija amalinyamula anyamata awiri movutikira, limatchedwabe thumba ngati linzake wamba. Ngolo ya chimanga chosasola ndi ya chosola zonse ndi ngolo.

Minda nayo ndi chimodzimodzi. Pamene ofufuza anayamba kuyeza minda ndi GPS, zinaoneka kuti alimi a minda ing'onoing'ono amakonda kutchula maekala oposa enieni, pamene a minda ikuluikulu amatchula ochepera.

Kenaka pali kubisa. Galimoto ya chizindikiro ikaima m'mudzi, anthu amaganiza kuti akulemba maina a thandizo, ndipo mbuzi zimachepa pakamwa. Sindiwaweruza, munthu amene anaphonyapo makuponi chifukwa cha denga la malata ali ndi chifukwa chochenjerera. Ena amabisa mbali ina, amachita manyazi kunena kuti dzulo anagona ndi njala. Olemera kwambiri nthawi zambiri sapezeka pakhomo, kapena amakana. Ndalama za malonda a m'malire, pamene msewu wa M1 ukuyenda m'mphepete mwa Mozambique ndipo anthu amalima ndi kugulitsa mbali zonse ziwiri, sizitchulidwa zonse. Aliyense akachotsako pang'ono, nambala yonse imatsika, ndipo ngakhale mutafunsa mabanja 10,000 imatsikabe. Malire amangopapatiza mozungulira nambala yolakwika.

Nyengo ndi chinthu china. IHS amayenda miyezi 12 kuti agwire nthawi ya zokolola ndi nthawi ya njala yomwe. Kafukufuku wa sabata ziwiri wochitika mu Juni ndi wina wochitika mu Januwale angakupatseni maboma awiri osiyana pamalo amodzi.

Lipoti likuti Dedza ili pamwamba pa Ntcheu. Tikhulupirire?

Onani kaye malire. Tiyerekeze, mongopeka, kuti Dedza yapezeka ndi K900,000 ndipo Ntcheu K850,000, iliyonse ndi malire a K90,000 uku ndi uku. Kusiyana ndi K50,000. Koma kusiyanako nakonso kuli ndi malire ake, ndipo ndi aakulu kuposa a boma limodzi. Mumachulukitsa 90,000 ndi iyo yomwe, kuchita chimodzimodzi ndi inzake, kuphatikiza, n'kutenga square root: pafupifupi K127,000. Kusiyana kwa K50,000 kwamira m'kati mwa K127,000. Chimene tinganene moona n'chakuti kafukufukuyo sakutha kusiyanitsa maboma awiriwa.

N'chifukwa chake mndandanda wa maboma kuyambira loyamba mpaka la nambala 28 umafuna kuuwerenga mosamala. Boma la pamwamba penipeni ndi la pansi penipeni amasiyanadi. Koma la nambala 12 ndi la nambala 17 akhoza kusinthana malo pa maere ena popanda khasu limodzi kusuntha. Zimandipweteka kumva anthu akunyozana kapena kudzitama pa msonkhano chifukwa cha malo oterewa, makamaka pamene ndalama za chitukuko zikukambidwa.

Nanga kuyerekeza chaka china ndi china?

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi womwe uja wa malire: chiwerengero cha anthu osauka pa 100 alionse m'dziko lonse chinachoka pa 51.5 mu 2016/17 kufika pa 50.7 mu 2019/20, kusintha kochepera 1 pa 100, ndipo pa boma limodzi, pamene ofunsidwa ndi ochepa, kulumpha kwa 5 kapena 6 pa 100 kukhoza kukhala kwa maere chabe.

Wachiwiri ndi kwacha. Mzere wa umphawi, ndalama zimene munthu akalephera kufikapo amawerengedwa kuti ndi wosauka, unali K37,002 pa munthu pa chaka mu 2010/11, ndipo mu 2019/20 unali K165,879. Anthu sanayambe kudya kanayi. Mitengo ndiyo inakwera. Kuchokera apo kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nambala ya makwacha ya 2019 siingaikidwe pafupi ndi ya lero osaikonza ndi kakweredwe ka mitengo. Komanso chaka cha kafukufuku chili ndi mvula yake. Chaka ngati 2024, pamene El Niño anachititsa kuti maboma 23 alengezedwe kuti ali pa ngozi, sichingafanane ndi chaka cha mvula yabwino.

Tikufuna nambala ya dera la T/A wathu. Ilipo?

Kuchokera ku IHS mwachindunji, ayi. Kafukufukuyu anakonzedwa kuti apereke nambala za dziko, za zigawo ndi za maboma. Dera la mfumu imodzi likhoza kukhala ndi kadera kamodzi kapena tiwiri tosankhidwa, mabanja 16 kapena 32, mwinanso osakhala nako n'komwe. Malire a nambala yotero ndi otambalala moti siingakuthandizeni kusankha chilichonse.

Chikhumbo chake n'chomveka, chifukwa boma la Dedza si malo amodzi. Kumapiri kozizira kwa Kamenyagwaza anthu amadalira kachewere, kabichi ndi nyemba. Kutsika chigwa kwa Kachindamoto kuli mpunga wa ku Bwanje, usodzi ndi kutentha. Ku Ntcheu, Tsangano ndi Kasinje ndi maiko awiri. Nambala imodzi ya boma imaphimba zonsezi.

Njira imene ilipo ndi yophatikiza kafukufuku ndi kalembera. Mu IHS amaona mmene zinthu monga denga, maphunziro a mutu wa banja, kukula kwa banja ndi katundu wa m'nyumba zimayendera limodzi ndi chuma. Popeza kalembera ali ndi zinthu zomwezo pa khomo lililonse, amayerekeza chuma cha makomo onse n'kupanga mapu. Kuno kwathu zinachitikapo pophatikiza kalembera wa 1998 ndi IHS woyamba. Nambala zotere ndi zothandiza, koma zili ndi kukayika kuwiri, kwa maere ndi kwa masamu oyerekezerawo, ndipo zimakalamba pamene kalembera akutalikira.

Maiko olemera alibe vuto limeneli?

Ali nalo. Ku America, ofesi ya Census Bureau imachita kafukufuku wotchedwa American Community Survey, wofikira makomo pafupifupi 3.5 miliyoni chaka chilichonse. Ngakhale zili choncho, nambala za chaka chimodzi amazitulutsa pa madera a anthu 65,000 kapena kuposerapo basi. Ma county (madera ofanana ndi maboma athu) ang'onoang'ono a kumidzi amayenera kuphatikiza zaka zisanu kuti ofunsidwa akwane. Alinso ndi pulogalamu ya SAIPE, imene imaphatikiza kafukufukuyo ndi zolembedwa za misonkho ndi za thandizo la chakudya, kuti county iliyonse ikhale ndi nambala ya pakatikati chaka ndi chaka. Nambala iliyonse amaisindikiza ndi malire ake pambali. Iwo amagwiritsa ntchito 90 peresenti m'malo mwa 95, choncho malire awo amaoneka opapatiza pang'ono. Kuti muwasinthe kukhala a 95 mumachulukitsa ndi pafupifupi 1.19. Chizolowezi chosindikiza malire pafupi ndi nambala ndicho ndikanakonda makhonsolo athu atatengera.

Kodi mayankho anga ndi amene amasankha olowa mu Mtukula Pakhomo?

Ayi. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito kudzera m'njira ina, ya kaundula wa boma wa mabanja oyenera thandizo wotchedwa UBR ndi misonkhano ya m'midzi. IHS salembera munthu thandizo, samuchotsanso. Lamulo la National Statistics Act la 2013 limaletsa kuulula mayankho a munthu payekha. Mukachepetsa mbuzi pouza wa NSO simupindula kanthu, mwangopotoza chithunzi cha boma lanu.

ADC yathu ikufuna kuchita kafukufuku wakewake. Tiyambire pati?

Yambani ndi mndandanda wa midzi yonse ya m'dera lanu, ya kutali ndi msewu yomwe. Sankhani mwa maere, anthu akuona, mapepala m'chipewa. Ngati mphamvu zanu zikukwana mabanja 200, ndi bwino kupita m'midzi 25 n'kufunsa mabanja 8 m'mudzi uliwonse kusiyana ndi midzi 5 ya mabanja 40. Kuyenda kumachuluka, koma nambala imalimba kwambiri. M'mudzimo lembani makomo onse musanasankhe. Khomo losankhidwa mukapeza palibe munthu, bwereraninso. Musalowe kwa oyandikana nawo chifukwa choti alipo, popeza opezeka pakhomo masana ndi osiyana ndi amene ali ku ganyu kapena ku msika.

Funsani amene amaphika za chakudya, ndipo amene amagulitsa za malonda. Nenani poyambirira, pamaso pa a mfumu, kuti palibe thandizo likubwera ndi mafunsowa. Tengani sikelo kuti muyeze ndowa ndi mbale za m'deralo. Lembani mwezi umene mwafunsa. Polemba lipoti, onetsani mabanja angati anakana kapena sanapezeke. Ofesi ya mapulani ku khonsolo ingakuthandizeni kuona mafunso anu musanayambe.

Ndine mtolankhani. Ndiinene bwanji nambalayi pa wailesi osatopetsa omvera?

Dulani manambala a kumapeto, tchulani malire, tchulani chaka. M'malo monena kuti "banja la ku Dedza limapeza K903,417," nenani kuti "kafukufuku wa chaka chakuti, amene anafunsa mabanja pafupifupi 400, akusonyeza kuti banja la pakatikati limagwiritsa ntchito ndalama za pakati pa K800,000 ndi K1,000,000 pa chaka, kuphatikizapo chakudya cholima okha." Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kanenedwe kake ndi kameneko. Wokupatsani nambala akapanda kutchula malire, mufunseni kuti anafunsa mabanja angati, m'midzi ingati, mwezi uti, ndipo anawasankha ndani.

Kodi munthu wamba angaone manambala a IHS?

Inde. Malipoti ali pa webusaiti ya NSO, ndipo mayankho a banja ndi banja amapezeka pa Microdata Library ya World Bank mukalembetsa, kwaulere. Maina anachotsedwa, ndipo malo a midzi anasunthidwa dala pa mapu kuti munthu asadziwike. M'mafayilomo muli nambala ya kadera ndi kulemera kwa banja lililonse. Ngati mukugwiritsa ntchito mapulogalamu a kompyuta owerengera manambala monga Stata kapena R, ziwiri zimenezi muziuze kompyuta musanaipemphe nambala ya pakatikati ya Dedza kapena ya Ntcheu.